Tsamba la pa Intaneti Silichita Imvi

Ana anga, inu amene mwangoyamba kumene ntchito m'malaibulale, ndipatseni makutu. Pali chinthu chimene chikukudyerani masiku ndi mabandulo, koma simuchitchula pamaso pa anzanu poopa kuti akuyesani mbuli pa za makompyuta. Ndikunena za masamba akale a pa intaneti, aja amene amakulangizani za mapulogalamu oyendetsera laibulale monga Koha, pomwe eni ake adawasiya kalekale.

Buku likakalamba silibisa. Mapepala amafiirira, msana umathyoka, ndipo ukatembenuza tsamba la mutu umapeza chaka chimene lidasindikizidwa. Ife tidaphunzitsidwa kuyang'ana pamenepo tisanapereke buku kwa mwana wophunzira unamwino, chifukwa mlingo wa mankhwala umene udali woyenera zaka 40 zapitazo ukhoza kuvulaza wodwala lero. Likatha ntchito timalitsitsa pa shelefu, kulidinda, n'kukalisunga kuchipinda cha kumbuyo. Tsamba la pa intaneti silichita imvi. Lolembedwa mu 2011 ndi lolembedwa dzulo amawala mofanana pa sikirini, ndipo kawirikawiri Google imakubweretserani lakalelo pamwamba, poti ndi limene masamba ena akhala akuloza zaka zonsezi. Ntchito imene maso ndi mphuno zimatigwirira pa shelefu, pa intaneti muyenera kuigwira ndi mutu, mwadala, nthawi iliyonse.

Ndidaona mnyamata wina pa koleji ina, wanzeru ndithu, atauzidwa ndi abwana ake kuti aike Koha pa kompyuta yatsopano ophunzira asanatsegulire. Adafufuza, napeza tsamba lolembedwa bwino, la zithunzi ndi masitepe oikidwa manambala. Lidamuuza kuti alembe mzere wokhala ndi mawu akuti squeeze, kenaka apt-key, kenaka aike mysql-server. Iye adakopera mzere uliwonse osaphonya ngakhale kadontho. Kompyuta idayankha kuti paketi yotero kulibe. Adabwereza, adafufuta zonse, adayambiranso. Bandulo ya ofesi n'kutha, iye n'kugula ina ya m'thumba mwake. Pofika Lachisanu adali atatsimikiza mumtima kuti Koha ndi yovuta, ndipo adayamba kunong'oneza abwana kuti bola agule pulogalamu yolipira. Chonsecho vuto lidali laling'ono. Squeeze ndi dzina la Debian 6, ya mu 2011. Pa kompyuta yake padali Debian 12, ya mu 2023, ndipo Debian idaika MariaDB m'malo mwa MySQL kuyambira pa Debian 9, mu 2017. Tsambalo silidaname. Lidanena zoona za nthawi yake, kungoti nthawiyo silidailembe paliponse.

Bandulo idapita, idapita. Chondipweteka n'chakuti mwana wotere amachokapo akudziona wolephera, ndipo koleji yosauka imakalowa m'ngongole ya layisensi ya chaka ndi chaka chifukwa cha mizere itatu yakale.

Kuti mumvetse chifukwa chake izi zimachitika, dziwani kaye kumene pulogalamuyi idachokera. Koha idabadwira ku New Zealand. Mu 1999 bungwe loyendetsa malaibulale la Horowhenua Library Trust, m'tauni ya Levin, lidaona kuti pulogalamu yake yakale siidzatha kuwoloka bwino kulowa m'chaka cha 2000, vuto lija la madeti limene lidasowetsa tulo dziko lonse. Lidapempha kampani yaing'ono ya ku Wellington, Katipo Communications, kuti ilembe yatsopano, ndipo Chris Cormack ndiye adasenza gawo lalikulu la kulembako. Pofika Januwale 2000 idali itayamba ntchito. Kenaka adachita chinthu chimene malaibulale sankachita masiku amenewo: adaimasula pa layisensi ya GPL, kuti aliyense aitenge, aione m'kati, aisinthe ndi kugawira ena. Ndiye open source imeneyo. Kukoma kwake n'kwakuti palibe mwini mmodzi amene angakutsekereni chitseko. Koma walira mvula walira matope: kumene kulibe mwini mmodzi, kulibenso munthu wolembedwa ntchito yoyendera zolemba za aliyense. Amene Koha yamuyendera bwino tsiku lina amasangalala, amalemba mmene adachitira, amaika pa intaneti, n'kupita ku zina. Wa ku India walemba, wa ku Nigeria walemba, wa ku France walemba. Pulogalamu imapitirira ulendo, zolemba zawo zimatsala pomwe adazisiya.

Ngakhale khomo lenileni la Koha lidasamukapo. Poyamba anthu onse ankapita pa koha.org. Mu 2007 kampani ya ku America yotchedwa LibLime idagula gawo la Katipo loona za Koha, ndipo dzina la webusaitiyo lidapita nalo limodzi. Mu 2009 LibLime idayamba kukonza mtundu wakewake wa makasitomala ake, ubale wake ndi gulu lonse udazilala, ndipo anthu amene ankalemba pulogalamuyo m'maiko osiyanasiyana adapezeka kuti alibe mphamvu pa tsamba lodziwika ndi dzina la ntchito yawo. Mu 2010 adatsegula koha-community.org, ndipo chaka chomwecho LibLime idagulidwa ndi kampani ina, PTFS. Kwa zaka zingapo munthu wofufuza Koha ankatha kufika pa khomo lakale n'kuganiza kuti wafika kumene gulu lili. Mkangano udafika mpaka pa dzina lenilenilo. Mu 2011 PTFS idatsala pang'ono kulembetsa dzina la Koha ngati chizindikiro chake cha malonda ku New Zealand. A laibulale ya ku Levin adapempha anthu kuti asonkhe ndalama zokatsutsira, ndipo kumapeto kwa 2013 pempho la kampaniyo lidakanidwa. Sindikukufotokozerani izi kuti mudane ndi wina. Ndikufuna muone kuti dzina lalifupi, looneka ngati lenileni, si umboni wakuti mwafika pamalo oyenera. Musungenso mumtima funso lakuti dzina la webusaiti lili m'manja mwa yani, chifukwa tibwererako tikafika pa zathu.

Tsono mudziwa bwanji zaka za tsamba limene silinena zaka zake? Yambani ndi nambala ya mtundu wa pulogalamu. Koha imatuluka kawiri pa chaka, mu Meyi ndi mu Novembala, ndipo kuyambira 2016 nambala yake ndi deti: 16.05 ndi ya Meyi 2016, 23.11 ndi ya Novembala 2023. Isanafike pamenepo inkawerengedwa mwa mtundu wina, monga 3.0 ya mu 2008 mpaka 3.22 ya kumapeto kwa 2015. Mukaona tsamba likutamanda 3.12 kapena 3.18 kuti ndiyo yatsopano, dziwani kuti mukucheza ndi agogo. Ngati nambalayo palibe, yang'anani mapulogalamu ena amene atchulidwa nawo. Ubuntu nayo imawerenga chaka ndi mwezi: 12.04 ndi ya Epulo 2012, ndipo chisamaliro chake cha aliyense chidatha mu 2017. Tsamba lokuuzani kuti mutsitse fayilo ya tar.gz n'kulemba perl Makefile.PL likukuyendetsani njira imene ambiri adaisiya mapaketi a Debian atabwera. Lero anthu amaika koha-common, n'kulemba koha-create. Zithunzi nazo zimaulula. Ngati sikirini ya m'chithunzi siikufanana ndi imene ili patsogolo panu, musadzikakamize kuti ndi maso anu akulakwa.

Musanyengedwe ndi chaka cholembedwa pansi penipeni pa tsamba, pafupi ndi kachizindikiro ka umwini. Pa masamba ambiri chaka chimenecho chimasintha chokha pa 1 Januwale, ngakhale papite zaka 10 popanda munthu wogwirapo. Chodalirika ndi mbiri ya tsambalo. Pa wiki, dinani pamene pali mbiri ya zosintha, muone tsiku lomaliza limene wina adasintha mfundo yeniyeni, osati kungowongola kalembedwe. Pa masamba ena, tengani adiresi yake mukaiike mu Wayback Machine ya Internet Archive, bungwe limene lakhala likusunga makope a masamba kuyambira 1996. Mukapeza kuti mawu a lero ndi omwewo a mu 2013, mwayankhidwa. Dinaninso maulalo atatu kapena anayi a m'tsambalo. Akamakugwetserani pa 404 motsatizana, palibe akupitako.

Zonsezi n'zachabe ngati simudziwa chimene muli nacho inuyo. Mu Koha, kumbali ya ogwira ntchito, muli tsamba lotchedwa About Koha. Limakuuzani nambala yonse ya mtundu wanu, ya Perl, ya database ndi zina. Ilembeni pa kapepala, muimate pa seva. Buku la malangizo la Koha limatuluka mtundu ndi mtundu, choncho werengani la mtundu wanu, osati limene Google yakuponyerani. Pofunsa thandizo kwa anzanu, yambani ndi nambala yomweyo. Safunsa adadya phula, n'zoona; koma wofunsa kuti "Koha yanga yakana, ndithandizeni" osatchula mtundu amalandira mayankho asanu a mitundu isanu, n'kuwathira onse pa seva imodzi.

Tsamba lakale limene malangizo ake akukana ndi lachifundo, chifukwa limakuimitsani. Loopsa ndi limene malangizo ake akugwirabe. Pa intaneti pali ma DVD ndi mafayilo a Koha yoikiratu, amene anthu a mtima wabwino adakonza kuti athandize malaibulale osowa amisiri: utsitsa, uyatsa, zonse zayenda. Ambiri mwa iwo adakonzedwa kamodzi osakonzedwanso, ndipo pasiwedi yake idalembedwa poyera pa tsamba lomwelo kuti aliyense aione. Mukaika chinthu chotere n'kuchilumikiza ku intaneti, mwayanika maina a ophunzira, manambala awo a foni, ndi mndandanda wa mabuku amene aliyense adabwereka. Mtsikana amene adabwereka buku la za HIV kapena la za mimba adakhulupirira kuti zimenezo zitsala pakati pa iye ndi laibulale. Kusunga chinsinsi cha wowerenga ndi lumbiro la ntchito yathu, ndipo lumbirolo silitha mphamvu chifukwa makhadi obwerekera asanduka kompyuta. Gulu la Koha limatulutsa zokonza za chitetezo pa mitundu yochepa yokha imene likuisamalabe. Ya zaka 8 zapitazo palibe akuitseka mabowo.

Samalaninso ndi liwu limodzi ili: stable. Malangizo ambiri amati mulilembe pa mzere wouza kompyuta kumene izitenga Koha. Liwulo limaloza mtundu watsopano wa nthawi imeneyo, ndiye kuti pakatha miyezi 6 limaloza wina. Mudzangoti mukonze zazing'ono Lolemba m'mawa, n'kupeza kuti mwakwera mtundu wathunthu pakati pa temu, ophunzira ali pa mzere ndi mabuku m'manja. Lembani nambala ya mtundu umene mwasankha, ndipo mudzakwere tsiku limene mwakonzekera, pa holide, backup ili m'manja.

Masiku ano ambiri a inu simufufuzanso, mumangofunsa mapulogalamu ocheza aja a AI. Sindikuletsani. Kumbukirani chabe kuti adaphunzira powerenga masamba omwewa, akale ndi atsopano pamodzi, ndipo amayankha zonse ndi mawu osalala mofanana. Ngakhale kadeti kamene mukadakapeza pa tsamba, apa kachotsedwa. Mzere uliwonse woyamba ndi sudo umene simukuumvetsa, kaufananizeni kaye ndi zolemba za gulu la Koha za mtundu wanu musanaulembe.

Mwapeza tsono kuti tsamba ndi lakale. Ambiri amangotukwana n'kutseka. Inu musatero, chifukwa wobwera pambuyo panu adzagwa pomwepo, ndipo mwina ndi mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene bandulo yake wagulira ndalama ya ndiwo. Wiki ya Koha imalembedwa ndi anthu ngati inu. Mukhoza kupempha akaunti, kukonza mzere wolakwika, kapena kuika chenjezo pamwamba kuti tsambalo latha ntchito, monga ena amachitira kale. Zolakwika za m'pulogalamu zimakalembedwa pa Bugzilla ya gulu la Koha. Ndikudziwa chimene chimakugwirani mwendo. Mumati Chingerezi changa n'choperewera, ndine ndani ine wa koleji ya kumudzi kuti ndikawongole zolemba za azungu. Tayani maganizo amenewo. Ambiri mwa olemba Koha Chingerezi si chilankhulo chawo. Muli a ku France, a ku Germany, a ku Argentina, a ku Finland. Ndipo inu muli ndi chinthu chimene katswiri alibe: mwangodutsa kumene pa tsambalo, mukudziwa sitepe imene yakupunthwitsani. Katswiri sawerenganso malangizo oikira, adawaloweza kale. Paja mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Polemba, tchulani tsamba lake, mtundu wa Koha ndi wa Debian umene muli nawo, chimene mudalemba, ndi chimene kompyuta idayankha, mawu ake enieni. Musadzudzule munthu, amene adalemba tsambalo mwina adalemba usiku, osalipidwa ngakhale tambala.

Ngakhale malo omasulirira Koha m'zilankhulo zina adasamuka, kuchoka pa Pootle kupita pa Weblate. Ndikunena izi kwa uyo amene tsiku lina adzafune kuti ana athu azifufuza mabuku m'Chichewa: akatsata tsamba lakale adzagogoda kolakwika n'kuganiza kuti ntchitoyo idafa.

Tibwere kwathu. Koha si yachilendo kuno. Mzuzu University idali m'gulu la malaibulale ochepa amene adaiyesa pa pulojekiti ya eIFL cha mu 2008, ndipo kuchokera nthawi imeneyo yafalikira m'makoleji ndi m'mabungwe. Pamodzi ndi kufalikirako pabadwa timasamba tathu: ta magulu a ogwiritsa ntchito, ta maphunziro a masiku atatu, ta mapulojekiti a opereka thandizo. Moyo wake timaudziwa tonse. Pali ndalama, pali chikondwerero, pajambulidwa chithunzi cha gulu pa masitepe a hotela ya kunyanja. Mnyamata mmodzi wodziwa makompyuta alembetsa dzina la webusaiti pa imelo yake, alipira ndi khadi lake, adzabwezeredwa pambuyo. Pulojekiti itha. Mnyamata apeza sukulu kunja kapena ntchito ku Johannesburg. Tsamba litsala likulengeza kuti msonkhano wotsatira uchitika posachedwa. Komiti yolembedwa pamenepo ili ndi anthu awiri opuma ntchito ndi mmodzi amene tidaperekeza kumanda. Malangizo ake oikira Koha ndi a mtundu umene mwana wa lero sadauonepo. Kenaka chaka china palibe walipira, dzina ligwa, wina wa kutali aligula, ndipo ulalo umene udasindikizidwa m'malipoti ndi m'mabuku a maphunziro uyamba kutsegula za juga.

Mukapatsidwa tsamba lotere kuti mulisamale, mtima wanu udzathamangira kuligwetsa n'kumanga latsopano, lokongola, la zithunzi zoyenda. Dekhani. Yambani mwapita kwa amene adalimanga, ngakhale adapuma ntchito, ngakhale tsambalo likukuchititsani manyazi. Musamuseke pa gulu la WhatsApp kuti webusaiti yake ndi ya nthawi ya Kamuzu. Pitani, kapena imbani, munene kuti: "Bambo, ntchito mudaiyamba ija tikufuna tiipitirize, tithandizeni makiyi." Munthu wopatsidwa ulemu amapereka pasiwedi, amakuuzani kumene ankalipira, amakufotokozeraninso chifukwa chimene tsamba lina looneka lopanda ntchito lidaikidwira. Wochititsidwa manyazi amaiwala zonse tsiku lomwelo, ndipo simungamukakamize, poti dzinalo lili pa imelo yake.

Kenaka musafufute. Apa achinyamata ambiri amandidabwa, poti ndayamba ndi kudandaula za masamba akale. Koma alipo amene akuwafunabe. Pali malaibulale amene katalogi yawo idakali mu CDS/ISIS, pulogalamu ija UNESCO inkagawa ulere kuyambira m'ma 1980, imene ambiri a msinkhu wanga tidaphunzirirapo. Tsiku limene adzafune kusamuka, adzafuna tsamba lakale lija lofotokoza mmene ungatulutsire zolembedwa mu ISO 2709, kuziwongola ndi MarcEdit kuti zikhale MARC 21, n'kuzilowetsa mu Koha. Ena adaima pa 3.22 chifukwa padalibe wowathandiza. Pokwera adzafuna kudziwa zimene zidasintha pakatipa. Ndiponso mbiri ya ntchito yathu ili m'menemo: ndani adaphunzitsa ndani, chaka chiti, kuti. Ife osunga zolembedwa za anthu ena tisakhale oyamba kutaya zathu.

Chofunika ndi chidindo. Pamwamba pa tsamba lakale, m'bokosi looneka, lembani kuti lidalembedwa chaka chakuti, ndi la Koha mtundu wakuti, silikusamalidwanso, zatsopano zili apa. Pamwamba, osati pansi. Ndipo pa tsamba lililonse, osati pa loyamba lokha, chifukwa wochokera ku Google salowera pakhomo, amagwera pakati. Ngati tsamba lakale lili ndi lolowa m'malo mwake ndendende, uzani seva kuti izitumiza anthu ku latsopanolo yokha, chimene amisiri amati 301 redirect, kuti maulalo akale asafe. Ngati gulu lidatha ndipo palibe wolisamala, nenani poyera kuti lidatha; palibe manyazi pamenepo. Mukatero sandutsani webusaiti yonse ikhale masamba wamba a HTML, opanda database, opanda polowera ndi pasiwedi. Mwa mapulogalamu omangira mawebusaiti, Joomla 3 idasiya kusamalidwa mu 2023, Drupal 7 mu Januwale 2025, ndipo akuba a pa intaneti amasaka mawebusaiti osiyidwa oterewa ndi makina, usiku ndi usana, kuti aikemo zawo. Masamba wamba alibe poboolera pambiri, ndipo kuwasunga n'kotsika mtengo. Musanasinthe kanthu, koperani webusaiti yonse ndi wget kapena HTTrack, masamba ofunika muwatumizenso ku Wayback Machine. Kope limodzi likagone nyumba ina. Chipsereni laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015, palibe wa ntchito yathu amene amafunanso kuphunzitsidwa zimenezi. Ndipo dziwani kuti backup imene Koha ya mapaketi imadzipangira tsiku ndi tsiku imagona mu /var/spool/koha, pa seva yomweyo. Seva ikapsa, zapsera limodzi.

Pomanga latsopano, mangani laling'ono, chifukwa tsamba lililonse limene mwaonjezera lidzafuna munthu woliyendera chaka ndi chaka. Musakopere buku lonse la malangizo a Koha kuliika kwanu. Pakatha miyezi 6 lanulo lidzakhala lakale, ndipo mudzakhala mwaonjezera vuto lomwe lija mudalidandaula. Ikani ulalo wopita kwa eni ake. Inu lembani zimene wa ku New Zealand sangatilembere: mmene mungakonzere masiku obwereketsa kuti agwirizane ndi matemu athu, faindi ya makwacha, chochita pa desiki magetsi akazima ndi mmene mungalowetsere zobwereketsazo akayaka, kumene mungapeze mapepala a barcode, mmene timalembera maina a alembi a kwathu mu katalogi, mitu ya nkhani yoyenera mabuku a Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Zimenezi sizikalamba msanga, ndipo tikapanda kuzilemba ife palibe wina adzazilembe.

Pali mawu amene ndikufuna muwaletse pa tsamba lanu: "posachedwa", "chaka chino", "mtundu watsopano", "pakadali pano". Mawu amenewa amakhala oona tsiku lolembedwa lokha. Lembani kuti Koha 24.05, lembani kuti Juni 2024. Malangizo amene simudawayese pa kompyuta yeniyeni musawaike; amene mwawayesa, nenani tsiku ndi mtundu wa Debian umene mudayeserapo. Pansi pake ikani udindo wa woyang'anira tsambalo ndi imelo ya bungwe, kuti wopunthwa adziwe wouza.

Ena mudzati, bwanji tingosiya za mawebusaiti, zonse tizikambirana pa WhatsApp? Gulu la pa foni ndi labwino pa changu. Koma yankho lanzeru la Lolemba, pofika Lachitatu lakwiririka pansi pa moni wa m'mawa, mavesi ndi mauthenga a maliro. Wolowa m'gulumo mwezi wamawa saliona. Foni ikabedwa lapita. Funso likafunsidwa kachitatu, wina alitole, alilembe pa tsamba pamodzi ndi yankho ndi deti lake.

Ndidati tibwerera pa funso la mwini dzina. Gulu la Koha, litakumana nazo, lidasankha kuti katundu wake wotere azisungidwa ndi Horowhenua Library Trust, bungwe la laibulale, osati munthu mmodzi kapena kampani yogulitsa. Chitani chimodzimodzi. Dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina la bungwe kapena la laibulale, pa imelo ya ofesi imene anthu osachepera awiri angatsegule. Kaya ndi la .mw, limene limayendetsedwa ndi Malawi SDNP, kaya ndi la .org, dzinalo ndi lobwereka, limalipiridwa ndi nthawi. Ndalama yake ilowe mu bajeti ya chaka pambali pa ya magetsi ndi madzi, isamadikire pulojekiti. Pepala limodzi likhale mu fayilo ya mkulu wa laibulale ndi ya mlembi wa gulu, lonena kuti dzina lidalembetsedwa kuti, limatha tsiku liti, seva ili kuti, amalipira ndani, backup imagona kuti, makiyi ali ndi yani. Pa msonkhano wa pachaka, likatha lipoti la msungichuma, mlembi aliwerenge mokweza. Ndipo amene akuchoka pa udindo asalandire satifiketi yake yomuthokoza asanapereke mapasiwedi kwa womulowa m'malo, womulowayo n'kuwayesa pomwepo, pa laputopu, anthu akuona.